Maungu a Ida

Maungu anachita maluwa pomwe panali khomo la nyumba. Getrude anawaimirira ndi khasu m'manja.

Mtsinje wa Nasolo utasefukira, madzi anagwetsa khoma la zidina n'kukokolola mwana wake Ida. Mtembo sunapezeke, m'bokosi anaikamo thunthu la nthochi. Koma nthanga zomwe mwanayo anakwirira ndi chala, madzi anazisiya.

"Amake Ida, musadule," anatero amake Luckson oyandikana nawo, atasuzumira pampanda. "Ndi Mulungutu ameneyo, akukupukutani misozi."

"Andipukute ndi dzungu? Anatha kugwira dzungu kuti lisapite, mwana wanga n'kumutaya m'madzi? Ndinabereka dzungu ine?"

"Aaa, asisi, pakamwapo!"

"Inu munaimbira nthochi nyimbo, n'kudya, n'kumapita. Achipani anandijambulitsa ndi bulangete. Ndisiyeni!"

Anakweza khasu mpaka kumwamba. Koma potsika linaphonya, n'kugwera chisoso chomwe chinkapanikiza tsinde. Anatemanso, uku akutukwana, mpaka udzu wonse wozungulira unagona.

"Bakha wanu uja akangojompha duwa limodzi," anatero osacheuka, "ndimupotokola khosi."