Iffy pa Khadi la Ukwati

Tegan anakankha chitseko cha galaja ndi phazi, khadi lili m'manja. Bambo ake, a Duane, anali atatsamira tebulo la zitsulo. Sanasunthe kuti amulonjere.

Makhadi onse oitanira anthu ku ukwati wake wa mu Juni anali atabwerera. Aliyense anachonga kabokosi kamodzi: ndibwera, kapena sindibwera. Bambo ake okha ndiwo anasiya timabokosi tonse tiwiri n'kulemba m'munsi, zilembo zokhotakhota, kaliwu kamodzi: iffy.

Liwu limeneli anthu a ku Duluth amalinena akamanunkhiza mkaka wokhalitsa m'firiji. Amalinena akamayang'ana madzi oundana a panyanja mu Malichi, asanapondepo. Silikana, silivomera, limangokuuza kuti usadalire. Koma pa ukwati wa mwana wako mmodzi yekhayo?

"Adadi, ine ndasanduka mkaka?"

"Mwana wanga, takhala kaye pansi." Mawuwo anatuluka olemera, lilime likuchita kukokeka.

Tegan anazindikira nthawi yomweyo. Kalankhulidwe kameneka anakula nako. Zaka zisanu ndi zinayi bambo ake osalawa mowa ndi dontho lomwe, lero manja akunjenjemeranso ngati kale.

"Mwayambiranso eti? Botolo mwabisa pati, m'bokosi la masipanala?"

A Duane anayang'ana pansi.

"Amayi anakudikirani moyo wawo wonse. Ine sindiima pakhomo la tchalitchi nditavala zoyera, anthu akunong'onezana. Wondigwira mkono polowa akhala amalume a Curt. Inu musavutike, khalani naye iffy wanuyo."

Anang'amba khadilo pakati n'kuliponya pasimenti. Pakhomo anaima kamphindi, kuti mwina amutsatira, mwina amugwira dzanja. Iwo sanachoke patebulopo, ngakhale phazi limodzi. Chimenechi ndicho chinamulasa kuposa zonse, ndipo anatuluka msanga kuti asamuone akulira.

M'galajamo munalibe botolo. Galimoto ya Tegan itapita, a Duane anasolola ndodo ziwiri zoyendera kuseri kwa matayala, anaziyang'ana, n'kuzibwezera. Dokotala wa mitsempha anali atawauza kuti ndi matenda awowa, pofika Juni miyendo ikhoza kukhala itasiyiratu kugwira ntchito, lilime lidzatsatira. Tegan anali asanamuuze. Kuchokera pakhomo la tchalitchi kukafika kuguwa ndi mapazi makumi atatu, anakawerenga okha. Anasiya tebulo n'kuyambanso kuyesa kuyenda popanda ndodo. Dzulo anagwera pa khumi ndi anayi.