Telala Amene Anakondwera ndi Kunenepa kwa Mkazi Wake

Panali munthu wina ku Liwaladzi, telala wa pakhonde la golosale, dzina lake Kalilu. Amene anandiuza nkhaniyi ankasoketsa malaya kwa iyeyo, ndipo akuti ndi yoona. Zinachitika matipate atangobwera kumene, nthawi imene matelala ankaweruka misana ikuwawa chifukwa chosoka nsalu za zipani.

Zinalinso zaka za kaliwondewonde. Munthu akangoyamba kuonda, anthu ankanong'onezana, ena mpaka kumupatula kapu yakeyake. Mng'ono wake wa Kalilu anamwalira choncho, atatsala mafupa okhaokha. Chibwerereni kumanda, Kalilu sanasekenso.

Kenaka mkazi wake Kulusumu, mayi wa mwana wawo mmodzi yekhayo Madina, anayamba kuonda naye. Khosi linatupa, mtima unkagunda ngati wathamanga. Akafika pamjigo, amayi anzake ankangoyang'anizana. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe anapeza kuti sanali matenda aja. Chinali chithokomiro, kuphatikizapo zotupa pa timatumba ta mazira m'mimba. Anamuchita maopaleshoni n'kuchotsa zonsezo.

Potuluka, namwino anawakhazika pansi onse awiri.

“Bambo, mumvetsetse. Chithokomiro tachichotsa, ndiye ntchito yake izigwiridwa ndi kapiritsi aka, m'mawa uliwonse, moyo wawo wonse. Thupi likhoza kuyamba kunenepa. Aziyenda, achepetse mafuta ndi shuga, ndipo muzibwera nawo tiziwayeza magazi. Akayamba kunenepa mothamanga, musachedwe.”

Kalilu ankangoti, “Chabwino, chabwino.” Koma pa mawu onsewo, iye anatolapo amodzi okha: kunenepa.

Ndipo Kulusumu ananenepadi. Masaya anabwerera, mikono inadzadza. Kalilu ankamasula madiresi ake onse n'kuwakulitsa, uku akuimba mluzu, makina akulira ngati pali ukwati. Aliyense wobwera ndi buluku long'ambika ankayamba wamva kaye za mayi a Madina. Mandasi, chambo chokazinga, tiyi wa shuga wambiri, zonse zinkapita kunyumba.

Mvula itakula, msewu unaduka ndipo mapiritsi anatha. Kulusumu ananenepa kuposa kale. Msewu utakonzedwa anakatenga ena, n'kuyambiranso kumwa, thupi linaphwa pang'ono. Kuphwa pang'ono komweko, pamjigo anayambiranso kuyang'anizana.

Kalilu anabwera kunyumba nkhope itagwa.

“Mayi a Madina, timankhwala iti tikukuyamwani. Taonani diresi ili, ndalikulitsa posachedwapa, lero layamba kukhwepa.”

“Koma anamwino anati ndisamadumphitse, abambo.”

“Anamwino sakhala kuno. Munachira, alihamudulila. Munthu wochira amamwanso mankhwala? Ine sindikufuna kuonanso munthu akutha m'nyumba muno.”

Kulusumu anatenga kabotolo ka mapiritsi aja n'kukaika pansi pa sutikesi.

Miyezi inapita. Thupi linakula, nkhope inafufuma, zikope zinalemera. Tsitsi linkatsalira m'chipeso. Mawu anasanduka aakulu, osasa. Mwezi wa Okutobala, anthu akuthawira pansi pa mitengo ya mango, Kulusumu ankafunda bulangete n'kukhala padzuwa. Akamapeta mpunga ankagona lichero lili pamiyendo. Anthu ankati, “Koma ndiye akusungani bwino amuna anu!” Kalilu akamva zimenezo ankayenda ngati wapambana chisankho. Chikondi anali nacho bamboyu, chochuluka zedi, koma mantha anamutseka maso.

Lachisanu lina akuchokera ku mzikiti masana, anapeza Madina akulira pakhomo.

“Ababa, amayi sakudzuka. Ndawagwedeza, akungong'ung'udza.”

Kalilu analowa n'kumukhudza mkazi wake pamphumi. Anali wozizira ngati mtsuko. Anamunyamula anthu anayi mpaka pamsewu, n'kuimitsa lole ya nsomba yopita ku boma.

Dokotala atamuyeza anafunsa, “Chipsera cha pakhosichi n'cha chithokomiro. Mapiritsi akumwa?”

Kalilu anaweramitsa mutu. “Ndinawaletsa ndine. Ndimaona ngati kunenepaku ndiye kuchira.”

“Kunenepa kumeneku ndiye matendawo, bambo. Thupi likuzima pang'onopang'ono. Mukanachedwa, tikanakamba zina.”

Kalilu sanachoke pakhonde la wodi. Kulusumu atatsegula maso n'kuyamba kuzindikira anthu, anamwino anamulowetsa Kalilu. Anagwada pambali pa bedi, bambo wamkulu misozi ili chuchuchu.

“Mayi a Madina, ndikanakuphani ndi manja angawa. Inu simunkamva kuti thupi silili bwino?”

“Ndinkamva, abambo. Tsiku lililonse.”

“Nanga osandiuza bwanji?”

Kulusumu anatambasula dzanja lake lotupa lija n'kumugwira pamutu.

“Munali mutayambiranso kuseka. Ndinkati ndikanena, musiyanso.”

Kalilu analira mpaka odwala a pamabedi ena anatembenukira kukhoma.

Kulusumu anachira. Kapiritsi kaja Kalilu ndiye ankamupatsa yekha m'mawa uliwonse, kenaka awiriwo ankayenda limodzi mpaka kudambo la mpunga n'kubwerera. Thupi linaphwa, ndipo a pamjigo ananong'onezana monga mwa masiku onse. Kalilu ankangowapatsa moni n'kupitirira, atamugwira dzanja mkazi wake pagulu, chinthu chimene mwamuna wa ku Liwaladzi sankachita.

Phunziro: Si kunenepa kulikonse kumene kuli thanzi, ndipo si kuonda kulikonse kumene kuli imfa. Ngati wachibale wanu anachotsedwa chithokomiro kapena timatumba ta mazira, musamusiyitse mankhwala chifukwa cha maonekedwe kapena pakamwa pa anthu. Thupi likasintha, bwererani naye kuchipatala, ndipo muzimufunsa mmene akumvera, chifukwa ena amapirira mwakachetechete kuti inu musadandaule. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu.