Kufupa kwa Bambo Hollis

Sesilia anathiranso mafuta a kokonati pamapewa a mng'ono wake mpaka anayamba kuchucha m'zigongono.

"Achemwali, mukufuna mundikazinge?" anadandaula Lupe.

"Khala phee iwe. Pouma ndalama simata."

Holo ya tchalitchi mumzinda wa Nuku'alofa inali itadzaza amayi, aliyense kamphasa kake m'chiuno, akutsinana ndi kubisa phwete kuseri kwa zokupizira mphepo. Nkhani onse ankaidziwa. Chaka chatha kunabwera mzungu wa ku Sydney, Bambo Hollis, wosaka anthu okaonetsa zovala kunja. Kunyumba kwa Sesilia anatolako ndalama zokwana mapa'anga 900, ati za zithunzi ndi tikiti ya ndege. Zinali ndalama za filiji, yoti Sesilia azigulitsira zoziziritsa kukhosi pageti la sukulu. Mzunguyo anangoti zii, foni yake n'kufa.

Tsopano anali atabweranso, kampani ataisintha dzina. Sesilia anamutumizira mawu kuti kuno kuli atsikana ambirimbiri ofuna kulembetsa, ndalama zili m'manja, koma mlendo amayamba waonera gule.

Ndiye uyo ali kutsogolo, nkhata yamaluwa m'khosi, chikwama chitatukumula thumba la thalauza. Sesilia atachiona, miyendo yake inayamba kuvina yokha.

Magitala analira. Lupe analowa mwakachetechete, mawondo ali pamodzi, manja akuyenda mofewa, thupi lonse lili waliwali. Holo inaphulika.

Mayi Kalolaine, mtsogoleri wa kwaya, anamugwira dzanja mlendoyo n'kumudzutsa.

"Bambo, kwathu kuno namwali akamavina, woyamba kufupa ndi mlendo. Mumangomata pathupi."

Hollis anamwetulira, n'kumata faifi paphewa.

"Eee! Imeneyo ndi ya basi?" anakuwa mayi wina kumbuyo.

"Mwanayu mwamuona kutalika kwake? Wa faifi ameneyu?"

Anamata twente. Amayi analulutira. Anamata fifite, n'kutembenuka kuti akakhale. Pampando pake panali patakhala kale msuweni wa Sesilia, wapolisi, akudya chinanazi mosatekeseka.

Nyimbo inatha. Oimba anaiyambanso.

Sesilia anabwera akuvina, khanda lake Sela kumanja, n'kumunong'oneza mzunguyo kukhutu. "Mwatikumbuka, bambo? Kwathu ku Kolomotu'a, nyumba yobiriwira ija. Nayini handiredi."

Nkhope ya Hollis inafiira ngati nkhanu yophika. Anayang'ana kukhomo: amayi atatu, aliyense ngati kabati, anali atatsekapo akuomba m'manja. Anayang'ana wapolisi. Kenako anayang'ana Lupe. Munthu anali atapusitsa ambiri, nkhope sankazisunga.

"Pepa, mwana wanga," anatero, akusolola ndalama zina.

"Kamwana kosalakwa, kukabera!" anakuwa Mayi Kalolaine. "Matani, bambo, pamsana pakadali malo!"

Anamata. M'manja, m'khosi, pamsana, ina pachipumi. Yogwa pansi amayi ankaitola n'kuibwezera pathupi, koma osaiwerengera. Nyimbo inazungulira mpaka woimba gitala anayamba kupemerera zala. Chikwama chitaphwa, Hollis anachitembenuza kuti onse aone, ndipo amayi akukhomo anapatukana mwaulemu wonse. Anatuluka liwiro, nkhata ikuuluka kumbuyo.

Holo yonse inagwa nacho chikhakhali. Mayi Kalolaine anakumbatira Lupe, mafuta n'kumupaka diresi lonse.

"Usadzayambirenso, wamva? Kukongola kwakoko uzikuonetsa konkuno."

"Ndamva, mayi," anayankha Lupe, maso pansi.

Kukhitchini ya holo, Sesilia anamatula ndalamazo imodziimodzi n'kuziyanika patebulo. Zinakwana, n'kutsalako za matewera. Anazinunkhiza, anapsompsona mwana, n'kuzungulira katatu ngati wamisala.

"Achemwali," anatero Lupe akudzipukuta, "tauni yonse ikuti wopusa ndine. Nsapato munalonjeza zija mundigulira."

"Ndigula. Ukuganiza amayi aja akanasiya zochapa zawo chifukwa cha chimunthu ichi?"

Anatsegula chitseko cha kachipinda kosungiramo mapoto. M'menemo munali mutadzipanikiza mwamuna wake Malakai, chimphona chosewera mpira wa ragibe, thukuta lili kamukamu.

"Tulukani, bambo a Sela, wapita mnzanu uja," anatero Sesilia. "Paja anakuuzani kuti ku Sydney akusowa woonetsa makabudula amkati wa thupi ngati lanulo? Mawa mukaonetsere kusitolo, filiji ili pamsana."