Mzere Umodzi, Munthu Mmodzi

Mayi wina mtchona atalowa m'nyumba yakale ya kanema, anapeza ogula zitsulo atamasula kale mzere wakutsogolo. Zaka zonse ali kunja kwa dziko ankalota chinsalu choyera chija; lero chinali mbuu ndi zitosi za mileme. Mlongo wake, amene malemu bambo awo anamusiyira makiyi, anaima pakhomo ngati wong'amba matikiti.

"Achemwali, mwatikumbuka? Izi n'zitsulo chabe. Mipando ikachoka, tigwetsa makoma."

Mtchonayo analunjika kumipando. Anakakhala pakati pa mzere wachiwiri, chikwama pamiyendo. Ankadziwa kuti mipandoyo inawotcheredwa pa chitsulo chimodzi, moti munthu mmodzi akakhalapo, mzere wonse sunyamulika.

"Mayi, tatipatsani mpata," anatero wa sipanala.

"Nyamulani ndi ine ndemwe. Mukandiike pasikelo, ndine wolemerako."

Mlongo wake anaseka. "Mizere ilipo yambiri. Mukhala ponseponse?"

Mtchonayo anatembenukira kukhomo, kumene amayi ogulitsa zipatso ankasuzumira. Khonde la nyumbayo ndilo linali mthunzi wawo.

"Amayi inu! Makoma akagwa, muzigulitsira padzuwa. Lowani, lero n'zaulere. Mzere umodzi, munthu mmodzi!"

Amayiwo anayang'anana. Kenako wamkulu wa onse anatula dengu, n'kumangitsa chitenje, n'kulowa, anzake ali pambuyo.

"Wakumbuyo uwo ndi wanga," anatero. "Pamenepo ndi pamene bambo a ana anga anandifunsira. Ndimuone amene andidzutsepo."