Mpini wa Tsache pa Nyimbo Yachinayi

"Sokosani mmene mungafunire tsopano," anatero mwini nyumba. "Mayi a kuseri aja ana awo awatenga."

Woimba gitala anapitiriza kuchotsa matiresi amene iye ndi anzake anatchingira khoma pojambula chimbale chawo choyamba cha chamba chaphokoso cha heavy metal. Matiresiwo sankathandiza. Magitala akangolira, mayiwo ankamenya khoma ndi mpini wa tsache uku akukuwa, "Ana inu, mukupha mbuzi m'menemo?"

Chimbale chitatuluka, a wailesi anati chiopseza ana. Woimba ng'oma anayamba kuyendetsa minibasi. Woimba besi anakwatira, foni osayankhanso. Makatoni a chimbale ankangotuwa ndi fumbi pakona.

Mwini nyumba atapita, mnyamatayo anaika chimbalecho nakweza mawu mpaka mawindo kunjenjemera. Anagunditsa khutu kukhoma. Kuseri kunali zii.

Pakati pa nyimbo yachinayi, mpini uja unamveka m'sipika: go! go! go! Pojambula paja anaiwala kuufufuta.

"Pepani, amayi," anatero, natsitsa mawu.

Nyimboyo itatha, anaibwezanso.