Anatseka phokoso la galimoto, utsi unalowa m'kati

Panali munthu wina kufupi ndi Nkando, dzina lake a Jailosi. Akuti izi zinachitikadi, m'zaka zija munthu sankalowa mumsika wopanda khadi la chipani.

A Jailosi anakhalitsa kumigodi ku Joni. Pobwera anapeza mkazi wawo atakwatiwa kwina, ndipo mwana wawo yekhayo, Lines, anali atakulira kwa amalume ake ku Muloza osaidziwa nkhope ya bambo ake. Chimene anabwera nacho ndi pikapu yakale basi. Ankakhala okha, kudziphikira okha, ndipo pakhomo pawo sipankamveka odi.

Tsiku lina mayi wina wogulitsa nandolo anawabweretsera uthenga. Lines wakwatiwa, akupita ku Kitwe ndi mwamuna wake. Loweruka adzadikira pokwerera basi pa boma mpaka masana, ndipo ngati bambo ake akufuna kumuona, abwere. A Jailosi anachapa jekete lawo tsiku lomwelo.

Koma galimotoyo inali itayamba kulira zachilendo. Akaponda moto inkati phwa phwa phwa pansi pa mapazi, akachotsa phazi n'kukhala zii. Pamtunda ndiye inkachita kunyanya. Lachinayi anapita nayo kwa Juma, makaniko wa pa Nkando.

Juma anatsegula kutsogolo. "Tapondani, bambo. Siyani. Pondaninso." Anagwira malamba, anali bwino. Anayang'ana oyilo, analimo. Kenako analowa pansi, n'kutuluka chala chitada bii ndi mwaye.

"Ekizozi, paipi yotulutsa utsi, yang'ambika pomwe yachokera ku injini. Mukaponda, utsi ukuthamangira pamng'alupo, n'chifukwa chake ikulira. Vuto lina, pansi pomwe mumaika mapazi pabooka ndi dzimbiri. Utsi umenewu uzilowa momwe mukhalamo, ndipo umagonetsa munthu osadziwa."

"Ndiye tiwotcherereni."

"Gasi wowotcherera watha, abwera Lolemba kuchokera ku Limbe. Loweruka mukwere basi."

"Mwana wanga sanandionepo. Andione ndikutsika basi ngati munthu amene sanabwere ndi kanthu?"

"Akufuna kuona inuyo, bambo. Galimoto saidziwa."

Potuluka, munthu wina wachilendo amene ankamvetsera ali pa khonde la sitolo anawalondola.

"Achimwene, amakaniko awa amakonda kukulitsa nkhani. Ine ndayendetsa malole mpaka ku Beira. Phokoso ili ndilithetsa pompano."

Anadula chitini cha mafuta, n'kukulunga pamng'alupo, n'kumanga ndi waya, pamwamba n'kumata dothi la pachulu losakaniza ndi sopo. A Jailosi ataponda, galimoto inangoti ng'urr, bwinobwino. Anaseka koyamba patapita nthawi yaitali. Sanafunse ngati utsi nawonso wasiya kutuluka. Anamuthokoza mlendoyo, ndipo sanamuonenso.

Loweruka kunacha ndi chiperoni. Phiri silinkaoneka, kamvula kakuwaza, mphepo ikuluma zala. A Jailosi anavala jekete lija n'kutseka magalasi onse kuti asafike atanyowa. Sanauze munthu kumene akupita, poti panalibe womuuza.

Atayenda pang'ono mutu unayamba kulemera. Anati mwina n'chifukwa sanadye. Kenako maso anayamba kuchita chidima, manja kufooka. M'njira monsemo ankayeseza mawu oti akanene: "Lines, ndine bambo ako." Anaona kuti sakukoma. "Mwanawe, wakula." Anawabwereza kangapo, mawuwo akumveka ngati akuchokera patali. Atafika kuminda ya tiyi anapatukira m'kamsewu ka esiteti kuti apume pang'ono. Injini sanazimitse.

Amene anawapeza ndi amayi othyola tiyi poweruka, atatsamira chiwongolero, galimoto itazima yokha. Anawatulutsa, ndipo thalakitala ya pa esiteti inawatengera kuchipatala.

Anatsitsimuka mawa lake. Namwino anawafunsa, "Bambo, tiitane ndani? Abale anu ali kuti?"

"Lero ndi lachingati?"

"Lamulungu."

Anatembenukira kukhoma. Odwala anzawo ankalandira phala kuchokera kwa akazi awo ndi ana awo, koma pa bedi pawo sipanaime munthu.

Atatulutsidwa anayenda wapansi mpaka pokwerera basi. Anafunsa mayi wina wogulitsa nthochi ngati Loweruka anaonapo mtsikana ali ndi mwamuna wake ndi katundu wa ulendo wautali.

"Wovala duku lobiriwira? Ndinamuona. Anakhala apo kuyambira m'mawa. Bambo aliyense wachikulire akamadutsa ankaimirira, kenako n'kukhalanso. Basi yoyamba anaisiya, mwamuna wake mpaka anakwiya. Yachiwiri anakwera."

"Sananene kanthu?"

Mayiyo anawayang'anitsitsa. "Ndinu bambo akewo?"

"Ndine."

"Anangoti, 'Amayi anandiuza kuti sangabwere.' Sanalire ayi."

A Jailosi anapita ku Muloza kukapempha keyala ya ku Kitwe, koma amalume a Lines anawabweza pakhomo. Anati mwanayo wadikira mokwana. Mpaka imfa ya a Jailosi, Lines sanamve kuti tsiku limene lija bambo ake anali atagona m'galimoto kuseri kwa minda ya tiyi, pamtunda woti munthu angayende wapansi, atavala jekete lochapa.

Phunziro: Galimoto ikayamba kulira mukaponda moto, ikukuuzani kuti penapake pavuta. Fufuzani chimene chikulira n'kuchikonza, osangochitseka pakamwa. Utsi wa ekizozi umapha, choncho mutu ukayamba kulemera muli m'galimoto, tsegulani magalasi, zimitsani injini, tulukani. Mverani mmisiri amene mukumudziwa, osati mlendo wokuuzani zokomera khutu lanu. Ndipo amene akukudikirani akufuna inuyo, ngakhale mufike wapansi. Tumizirani nkhaniyi madalaivala ndi abale anu onse, mwina wina ikamufika galimoto yake ikulira kale.