Maliro a Mayi Amene Anali pa Shifiti

Panali mtsikana wina kunja kuno, mumzinda wa Perth, dzina lake Miracle, wa pasukulu yathu yomweyi ku Joondalup. Nkhaniyi ndi yoona, ndipo werengani mpaka kumunsi chifukwa yathera pokoma, ine ndachita kuvina!

Miracle amajambula pa tabuleti, ndipo dzanja ali nalo. Chaka chilichonse Okutobala akafika amalowa mpikisano wa Halowini wa pa intaneti, tsiku lililonse chilombo chimodzi ngati za m'mafilimu oopsa zija. Chaka chino malire ndi otseka chifukwa cha Kolona, kopita kulibe, ndiye anachita kudziperekeratu.

Amayi ake, a Annastazia, ndi namwino. Anamuchenjeza kuti, "Zilombo zakozo jambula, koma nkhope ya munthu wamoyo ayi. Ndipo zisafike kumudzi."

"Mami, n'zojambula chabe," anatero akuseka.

Tsiku lojambula mzukwa litafika, anasowa nkhope. Anatenga chithunzi cha amayi ake atagona pa sofa pochokera ku shifiti. Khungu analituwitsa, milomo n'kuidetsa, m'manja n'kuikamo kandulo yoyaka. Chinaoneka ngati chojambulidwa ndi kamera! Pa buleki kusukulu anachiika pa sitetasi ya WhatsApp, osalembapo kalikonse.

Iyeyu anakulira kuno. Sankadziwa kuti kwathu chithunzi cha munthu chikakhala ndi kandulo, ndi uthenga wa maliro.

Ali m'basi poweruka, foni inalira. Anali amalume ake a Flywell, ku Area 25 ku Lilongwe. Kumbuyo kunkamveka azimayi akulira.

"Miracle, thupi lili kuti?"

"Thupi la ndani, amalume?"

"La mayi ako. Ndi Kolona eti? Kuno mipando tatulutsa kale panja, masamba taika pamsewu. Agogo ako aamuna atangoona chithunzicho agwa, tili nawo kuchipatala."

"Ndajambula ndine! Mami ali kuntchito!"

"Ndiye bwanji sakuyankha foni? Tamvera iwe. Adokotala akuti BP ikapanda kutsika tiwataya. Mawu ako kapena anga sakhulupirira. Akufuna aone mwana wawo."

Miracle anaimbira amayi ake. Zii. Anaimbanso. Zii. Ankadziwa kuti foni amaikiyira m'kabati akakhala pa shifiti. Komabe anayang'ananso chithunzi chija, maso otseka aja, milomo yakuda ija, n'kuyamba kudziopa yekha. Bwanji ngati wawaitanira tsoka?

Anatsika basi n'kuthamanga mpaka kuchipatala kumene amayi ake amagwira ntchito. Pakhomo anamukaniza, pajatu masiku ano salowetsa aliyense. Analira, anapempha, mpaka anagwada pansi pomwepo, yunifolomu ili m'thupi. Mwayi wake, anti Getrude, namwino wa kwathu, ankatuluka.

"Iwe, ukugwadira ndani kuno?"

"Anti, agogo akufa chifukwa cha ine. Ndiitanireni mami!"

Anti Getrude analowanso. Miracle anatsala panja, foni ili m'manja. Uthenga wa amalume unalowa: "Akufooka." Wina unalowa: "Fulumira."

Kenako chitseko chinatseguka, amayi ake akuthamanga, masiki ili kumaso! Sanakalipe, anangolanda foni n'kuimbira amalume pa kanema. Agogo ali pabedi anatsegula maso pang'onopang'ono.

"Vula chakumasocho."

Anavula.

"Uli moyo?"

"Ndili moyo, bambo."

"Seka ndione."

Anaseka misozi ili chuchuchu. Agogo anayang'anitsitsa mpata wa mano wa mwana wawo n'kupumira m'mwamba. "Ndi yemweyu. Flywell, kachotse masamba ako."

Ndiye anzanga, imvani izi: dzulo agogo atuluka m'chipatala! Akuyenda okha! Mipando yabwerera m'nyumba, ndipo amene anabwera kudzalira achoka akuimba. Miracle wandiuza lero pa buleki, ndamukumbatira mpaka tonse kugwa. Akuti agogo amuuza kuti, "Luso uli nalo, mdzukulu wanga. Koma chaka chamawa ujambule Flywell, ndi amene anathamangira masamba asanafunse."

Phunziro: Makolo akati ichi chisafike kumudzi, pali chimene akudziwa chomwe ife okulira kuno sitikudziwa. Nkhope ya munthu wamoyo musaiveke imfa. Inunso mukaona kandulo pa sitetasi, funsani kaye musanauze okalamba. Tumizani kwa anzanu onse ojambula, ndiponso ku gulu la kubanja kwanu Okutobala asanathe.